Za GMAT ija, tamvera kaye

Mng'ono wanga, uthenga wako wofunsa za kukonzekera GMAT, mayeso olowera sukulu za bizinesi aja, ndauona. Kulemba ndikuchita ulesi, ndiye ndingolankhula, umvere ukakhala pansi.

Usathamangire kugula mabuku ayi. Loweruka lino ulowe pa mba.com, eni mayesowo, a GMAC, anaikapo mayeso oyeserera aulere awiri. Ulembe amodzi usanawerenge kalikonse. Foni uzimitse, chitseko utseke, maola 2 ndi mphindi 15 uli pampando. Ulakwa zambiri, ndikudziwa, ineyo ndinatuluka mutu ukuwawa. Koma malikisi amenewo ndi amene akuuze poyambira. Amayambira pa 205 kulekezera 805, ndiye ukaone kuti sukulu ukuifunayo imatenga anthu opeza angati. Pamenepo udziwa ngati ukufunika miyezi iwiri kapena inayi.

Ukatero tenga kalendala, uyambire kumapeto. Uchonge tsiku limene sukuluyo imatseka kulandira mafomu, kenako ubwerere m'mbuyo masabata 6 kapena kuposerapo, mayeso uike pamenepo. Ndikutero chifukwa ukalemba osakhutira nazo, sakulola kubwereza mpaka patadutsa masiku 16. Tsikulo ulilipiriretu. Munthu akalipira ndiye amayamba kudzuka.

Eya, mabuku anga akale aja uwasiye pashelefu. Mayesowa anasintha, kuyambira February 2024 chimangirizo chija kulibe, geometry kulibe, mafunso okonza ziganizo aja kulibenso. Panopa ndi magawo atatu, lililonse mphindi 45. Quant (masamu) mafunso 21, Verbal (kuwerenga ndi kumvetsa Chingerezi) 23, Data Insights (kutanthauzira manambala, matebulo ndi magirafu) 20.

Tsopano za nthawi. Iwe umagwira ntchito, ndiye usadzinamize kuti uziwerenga usiku ukaweruka, maso akulemera. Ola limodzi ndi theka m'mawa, Lolemba mpaka Lachisanu, basi. Loweruka maola atatu. Lamlungu upume. Zoti uzingounjika zonse kumapeto kwa sabata, maola 8 tsiku limodzi, ndinayesa ine, pofika Lachitatu zonse zinali zitauluka. Gawo limene wagwa kwambiri ulipatse m'mawa utatu, enawo agawane masiku otsalawo, koma pasapite sabata osakhudza gawo lina.

Chinthu chimene ndikufuna ugwiritse kwambiri ndi kope. Kope wamba, ulilembe mizere itatu. Funso lililonse limene walakwa, ulembe kuti linali la chiyani, walakwa bwanji, ndipo ukanachita chiyani. Pa "walakwa bwanji" paja usalembe zoti "sindinasamale", zimenezo sizithandiza. Ulembe zenizeni: sindinadziwe njira, kapena ndinawerenga funso mothamanga, kapena nthawi inandithera. Langa lija nditaliwerenga patatha masabata atatu, ndinapeza kuti masamu ndinkawadziwa, koma pafupifupi tsamba lililonse panali "afunsa x kuphatikiza y, ine ndayankha x yekha". Ndiye ukachita mafunso 10 kwa mphindi 20, mphindi 40 zotsatira uzithere pa kopelo. Zimaoneka ngati kutaya nthawi, koma ayi ndithu.

Mwezi woyamba usadzipanikize ndi wotchi, uphunzire kaye njira. Wachiwiri wotchi ikhale patebulo, funso lililonse mphindi pafupifupi ziwiri. Likakukanika, sankha yankho, uliike chizindikiro, upitirire. Amakulola kubwerera n'kusintha mayankho atatu pa gawo lililonse ngati nthawi yatsala, koma kusiya mafunso osayankha kumadula malikisi kwambiri. Ndipo kakyuleta ubise pochita Quant, kumeneko sakupatsa. Imapezeka pa Data Insights pokha.

Masabata omaliza, Loweruka lililonse mayeso athunthu, pa ola lomwelo limene udzalembe enieniwo. Magawo aja umasankha wekha woyambira, ndiye uyese kusinthasintha uone pamene mutu wako ukuyenda bwino, ndi pamene kupuma kwa mphindi 10 kumene amalola pakati pa magawo kukukuthandiza. Tsiku loti mawa mayeso usatsegule buku, ungowerenga kope lako lija pang'ono, ukagone msanga.

Ukalemba Loweruka unditumizire malikisi a gawo lililonse, osati onse pamodzi okha ayi, tikonzere limodzi kalendalayo.