Sikelo yathu, mtedza wathu: mawu a pa msonkhano wa alimi ndi amalonda ku Mchinji

A Gulupu, mafumu athu, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Inu muli kuseri kwa mtengo wa mango uko senderani kuno, nkhaniyi ndi yanunso.

Ndiyambe ndi inu a magolosale ndi a zigayo. Mwezi wa Febuluwale malonda amayenda bwanji? Sopo amachita fumbi pa shelefu, chomwe chimadzaza ndi kope la ngongole. Nanga Juni ndi Julayi, soya ndi mtedza zikatuluka m'munda? Telala sagona, wowotcherera mafelemu amachita kubweza ntchito, wa kabaza amaweruka usiku. Ndalama yomwe imazungulira pamsika pano imachokera m'munda. Mlimi akaberedwa pogulitsa, wa golosale nayenso waberedwa, kungoti amazindikira mochedwa. N'chifukwa chake bungwe lomwe tikufuna kukhazikitsali silingakhale la eni mashopu okha. Mlimi naye ndi wamalonda, akhalemo.

Ntchito yoyamba ya bungwe ndi sikelo. Tiwerengere limodzi. Tiyerekeze sikelo ya venda ikudya makilogalamu 2 pa thumba lililonse la makilogalamu 50. Pa matumba 25 ndiye kuti thumba lathunthu lapita, mwini wake akuyang'ana. Nanga pamudzi ponse pamatuluka matumba angati? Ena amakana n'komwe sikelo, amafuna ndowa, ndowa yake yophwanyidwa pansi kuti ilowe zambiri, kenako n'kuwunjika mpaka pamwamba. A Malawi Bureau of Standards ndi amene ali ndi udindo woyesa masikelo. Mayi mmodzi wa ndowa zitatu sangawaitane. Bungwe lingathe kulemba kalata, lingathenso kugula sikelo yakeyake yoyesedwa, n'kuyiika poyera kuti aliyense ayambe wapima katundu wake asanapite kwa wogula.

Sindikunena kuti mavenda onse ndi akuba, ayi. Ena ali pompano, ndi ana athu, ndipo popanda iwo mbewu zina zikanawolera m'nyumba. Venda wachilungamo sikelo ya bungwe imamuteteza, chifukwa anthu amasiya kumukayikira.

Chaka ndi chaka Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu. Timaimva pa wailesi, koma wogula akafika pakhomo amatchula wake. Timavomera chifukwa chiyani? Mwana wabwezedwa fizi, kunyumba kuli matenda, ndiye wina waima ndi ndalama m'manja. Munthu wapanikizika sanenerera. Apa mpamene banki m'khonde ya mamembala imagwira ntchito: ubwereke pang'ono, vuto lithe, mtedza udikire mtengo. Ndipo tikaunjika katundu pamodzi mpaka kudzaza lole, wogula wa ku Lilongwe amabwera yekha, ife n'kukhala ndi pakamwa.

Izi si nthano. M'boma lathu lomwe lino, alimi a MASFA, bungwe la alimi ang'onoang'ono a ku Mchinji lomwe lili pansi pa NASFAM, bungwe lawo la dziko lonse, adalandira chiphaso cha malonda achilungamo cha Fairtrade mu 2004, mtedza wa ku Mchinji n'kumagulitsidwa m'masitolo a ku Britain. Anali alimi a maekala ochepa ngati ife. Chidawafikitsa kumeneko ndi kusamala mtedza.

Pamenepa ndichedwepo, chifukwa mpamene timadzipweteka tokha. Tonse tikudziwa za kuwaza madzi mtedza kuti usendeke msanga, ena amatero kuti ulemere pa sikelo. Mtedza wonyowa ukalowa m'thumba umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Saoneka ndi maso nthawi zonse, sathanso ndi kukazinga. Amawononga chiwindi, amapinimbiritsa ana. Ogula akuluakulu amayeza, akapeza wapitirira muyezo amabweza katundu yense, safunsa kuti thumba loipalo linali la yani. Nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Choipitsitsa n'choti mtedza womwe tasankha kuti ndi woipa ndi umene timasinja nsinjiro n'kuthira m'phala la mwana. Amayi, chonde, umenewo tayani. Bungwe liyenera kukhala ndi anthu ake oyang'ana thumba lililonse lisanalowe m'nyumba yosungira, kaya ndi mtedza wa mtundu wa CG7 kaya wa Chalimbana, ndipo akhale ndi mphamvu yobweza ngakhale thumba la wapampando. Kuumitsa bwino, kusenda wouma, kusanjika matumba pa mitengo osati pa dothi, alangizi athu amaphunzitsa zimenezi, tiwaitane.

Zogulira pamodzi sinditayapo nthawi, mudaziona nokha mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya feteleza ndi katundu wa m'shopu n'kukwera sabata yomweyo. Gulu lomwe limasonkha ndalama mbewu zikangogulitsidwa n'kuwodetsa zipangizo nthawi yomweyo silidikira Novembala. Za ziphaso za msika, zimbudzi, ndi mlatho wathu uja umaduka dzinja lililonse, kukhonsolo amamva msanga kalata ya anthu ambiri kusiyana ndi dandaulo la munthu mmodzi.

Tsono walira mvula walira matope. Bungwe limafuna zopereka, limafuna misonkhano ngakhale nthawi yopalira. Amene wabwera poganiza kuti kugawidwa zaulere akhumudwa, ndinene lero lomwe. Ine ndidakhalapo m'gulu lina lomwe lidatha chaka chake chachiwiri. Msungichuma anali munthu wolemekezeka, wachibale wa ambiri a ife, ndipo ndalama zitayamba kupelewera palibe adalimba mtima kufunsa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Zimandiwawabe, chifukwa amayi ena amasiye adataya zomwe adasonkha movutikira. Ulendo uno ndalama zikhale ku banki, osayinira akhale atatu ochokera m'mabanja osiyana, ndipo kope liziwerengedwa mokweza pa msonkhano uliwonse. Tikakhazikika tidzakalembetse ngati kopaletivi ku Unduna wa Zamalonda, kuti tizitha kusayinirana mgwirizano ndi ogula mwalamulo.

Mlembi ali apo ndi kope. Polembetsa mutchule dzina, mudzi, ndi zomwe mumalima kapena kugulitsa. A Gulupu atiloleza kukumananso pompano Loweruka likubwerali kuti tisankhe komiti, ndipo ndikupempha kuti amayi mudzapikisane nawo pa mipando, musadzangoombera m'manja. Amene muli ndi masikelo mudzabwere nawo tidzawayerekeze poyera. Mafunso alipo? Mayi mwakweza dzanja kumbuyoko, yambani ndinu.