Nyimbo ya Agogo Idathera Pakati

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Ana inu kumbuyoko, chete pang'ono.

Nonse mudaona zomwe zidachitika pa maliro a agogo aja sabata yatha. Amayi adayambitsa nyimbo ya padziwe ija, kufika pakati onse zii, kumangoyang'anana. Mwini nyimbo ali gone m'nyumba. Ine mtima udandipweteka. Ndiye ndikuti, musadikire maliro. Funsani okalamba akadali moyo, mujambule nyimbo ndi nthano zawo pafoni.

Ndili mwana ku Furancungo, tikadya nsima agogo ankati "Padangokhala," ife "Tili tonse!" Koma nthano yawo sinkayandama m'mwamba ayi. Kalulu ankabisala pa mwala womwe timaudutsa popita kumunda, njiwa inkalira pa mkuyu womwe timaudziwa. M'mawa ukadutsa pomwepo, thupi tsemwe. Lero chigayo chalanda mtondo, nyimbo zosinjira zapita nawo, ndipo inu anyamata makutu mwatseka ndi foni, dzina la mtsinje womwe mumasambamo simulidziwa. Manyazi amenewo! Musadikire maliro.

Malo nawonso amafa. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa mu 1974, madzi adamiza mathithi a Zambezi pamodzi ndi midzi. Mkokomo uja palibe adzaumvenso, udatsala m'kamwa mwa okalamba okha.

Mwati bwanji, achimwene? Tijambulenso za kudambwe? Iyayi, mwafunsa bwino. Gule Wamkulu adalemekezedwa ndi UNESCO, bungwe la dziko lonse loona za chikhalidwe, mu 2005, wa ife kuno ku Mozambique, a ku Malawi ndi a ku Zambia, koma ulemuwo sudatsegule dambwe. Za kumeneko ndi za olowa, zili ndi eni ake. Ngakhale ng'oma ya mbalule ikulira pabwalo poyera, yambani mwapempha amfumu musanatukule foni. Akakana, ikani m'thumba. Ndipo agogo akakuuzani kuti iyi ndi ya pabanja pathu, isapite pa WhatsApp. Wojambula mwakuba amatsekera anzake onse pakhomo.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Pitani kwa agogo madzulo, musapite chimanjamanja, kamchere kokha kakwanira. Agogo atchule okha dzina la phiri, dziwe kapena mudzi. Muzimitse wailesi, koma achule ndi nkhululu asiyeni alire, ndiwo mawu a kwathu. Nyimbo muiphunzire pakamwa, foni imagwa m'madzi. Musadikire maliro!

Loweruka tikumane pompano, aliyense ndi nthano imodzi. Amene akudziwa kumapeto kwa nyimbo ya padziwe ija andipeze tikabalalika.