Zamoyo za pansi pa nyanja youndana

Zikomo amfumu, zikomo makolo nonse. Inu achinyamata muli kumbuyoko, senderani kuno kuti tisamachite kukuwa. Nkhani ya lero ndi ya kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi, kunyanja yamchere yozungulira Antarctica, kumene madzi amaundana chaka ndi chaka n'kudzasungunukanso.

Nyengo za kumeneko zimayendera limodzi ndi zathu. Ife tikayamba kumva kamphepo mu Epulo, kumeneko nyanja imakhala itayamba kale kugwira ayezi. Pofika Seputembala, ayeziyo amakuta malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 18 miliyoni, kuposa theka la Africa yense. Pofika Febuluwale amatsala 2 kapena 3 miliyoni basi. Mukaona chithunzi chake mumangoona poyera poti mbee, n'kuganiza kuti kulibe chamoyo. Zamoyo ziliko, koma zili kunsi kwa ayeziyo ndi m'kati mwake, ndipo zambiri simungazione popanda maikulosikopu.

Madzi amchere saundana pa 0 ngati a mufiriji. Amadikira mpaka kuzizira kufike madigiri pafupifupi 1.8 pansi pa 0. Akamaundana, mchere sulowa nawo mu ayezi. Umakankhidwira pambali, n'kutsala m'timipata todzaza madzi owawa mchere kwambiri, tina topyapyala kuposa tsitsi, tina tokulirapo mamilimita angapo. Tizidutswa toyamba ta ayezi tikamayandama kukwera pamwamba, timakokolola ndere ndi mabakiteriya amene anali m'madzi, zonse n'kutsekeredwa limodzi. M'timipata timeneti ndiye kwawo mpaka ayezi adzasungunuke.

Asayansi amaboola ayezi ndi chitsulo chonga paipi, n'kuzula chigawo chotalika mita imodzi kapena ziwiri. Kumtunda kwake kumakhala koyera, koma masentimita ochepa a kunsi, mbali imene imakhudza madzi, amakhala akhofi. Si dothi ayi. Ndi ndere za selo imodzi zotchedwa diatoms, iliyonse ili m'kachigoba kake kolimba ka silika, ndipo zimachulukana mpaka kusintha mtundu wa ayezi. Ina yodziwika kwambiri dzina lake ndi Fragilariopsis cylindrus. Imeneyi imatulutsa mapuloteni ogwira tizidutswa ta ayezi kuti tisakule n'kuiphwanya, komanso madzi oterera, onanda, amene amaiteteza ku mchere.

Ndamva agogo apa akufunsa kuti nanga ndere zimadya chiyani kukakhala kopanda dzuwa. Agogo, pamenepo ndiye pagona nkhani. Kudera lotchedwa McMurdo Sound, dzuwa likalowa kumapeto kwa Epulo limadzatuluka kumapeto kwa Ogasiti. Miyezi inayi. Ndere zambiri zimangokhala duu, n'kumadya pang'onopang'ono mafuta amene zinasunga m'thupi nthawi ya kuwala. Koma m'timipata muja ntchito siima. Zoterera zija, pamodzi ndi zotsalira za ndere zakufa, zimadyedwa ndi mabakiteriya. Mabakiteriyawo amadyedwa ndi tizilombo ta selo imodzi tosambira ndi kamchira. Ito timadyedwa ndi tina tokulirapo, taubweya thupi lonse. Mavairasi nawo amaphulitsa mabakiteriya ndi ndere, chakudya chimene chinali m'thupi mwawo n'kutayikira m'madzi, mabakiteriya ena n'kuchitola. Palinso ndere zina zimene kukada zimasiya kudalira dzuwa, n'kuyamba kumeza mabakiteriya. Chakudya chomwechomwecho chimangozungulira, kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, ndipo ndi mmene moyo umadutsira mumdimamo.

Tsopano pali kanyama kamene ndikufuna mukakumbukire, krill. Ndi kamtundu wa nkhanu, kofiirira, kotalika masentimita 6 kakakula. Kumeneko krill ali ngati usipa kwathu kuno: ndi wamng'ono, koma aliyense maso ali pa iye. Anangumi amadya krill, mbalame za penguin zimadya krill, akatumbu a m'nyanja, nsomba, onse. Krill wamkulu amatha kupirira njala miyezi ingapo, mpaka thupi lake kuchepa. Mwana wa krill, amene waswedwa cha mu Januwale kapena Febuluwale, alibe mafuta okwanira oti n'kutero. Akapanda kudya amafa. Ndiye tiana timeneti timakabisala m'mapanga a kunsi kwa ayezi, chagada, n'kumapala ndi timiyendo tawo ndere ndi tizilombo tija. Chaka chimene ayezi wachedwa kugwira kapena wachepa, ana a krill ambiri saona chilimwe.

Dzuwa likabwerera, zinthu zimathamanga. Ndere zimenezi sizifuna kuwala kwambiri. Umboni wake unachokera kumpoto, ku Arctic, kumene sitima ya ku Germany yotchedwa Polarstern inadzitsekereza dala mu ayezi kuyambira 2019 mpaka 2020, n'kumangotengedwa nawo. Asayansi a paulendowo anapeza kuti kumapeto kwa Malichi, mdima utangotha kumene, ndere zinali zitayamba kale kukula ndi kuwala kochepa zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100,000 a kuwala kwa masana kukawala bwino. Chimene chimalamulira kwambiri ndi chipale chofewa chimene chagwa pamwamba pa ayezi. Chikachindikala chimatchinga kuwala. Chikapyapyala, kunsi kumachita khofi msanga.

Kenako ayezi amayamba kusungunuka. Madzi ake ndi opepuka chifukwa mchere ndi wochepa, choncho amayala pamwamba pa nyanja, ndipo ndere zotuluka mu ayezi zimakhala pomwepo pa dzuwa osamira. Ayeziyo amatulutsanso ayironi amene anasunga, ndipo nyanja ya kumwerayi imasowa ayironi kwambiri. M'mphepete monse mmene ayezi akubwerera, madzi amasanduka obiriwira. Krill amadya n'kunenepa, ndowe zake zimamira kuya zitanyamula kaboni amene ndere zinachotsa mumpweya, ndipo anangumi amafika. Ena mwa anangumi amenewa, a mtundu wa humpback, ndi omwe amaoneka kugombe la Mozambique cha ku Inhambane pakati pa Julayi ndi Okutobala, akamadzaswana. Kuno sadya kwenikweni. Mkaka umene mwana wa nangumi amayamwa kumeneko umachokera m'mafuta amene mayi wake anapeza kwa krill, ndipo krill anawapeza kwa ndere za mu ayezi ndi za m'mphepete mwake.

Kumpoto kalendala ndi yotembenuka, koma dongosolo ndi lofanana. Kuli kanyama kakang'ono kotchedwa Calanus glacialis. Kakakazi kamadya ndere za mu ayezi kuti kaikire mazira, ndipo ana ake amakula nthawi imene ndere za m'madzi zikuphuka, ayezi atasungunuka. Chakudya chimabwera kawiri, china cha mayi, china cha mwana, ndipo pakati pake pamafunika mpata woyenera. Ayezi akasweka msanga, chakudya chachiwiricho chimafika ana asanakonzeke. Kanyamako ndi kamene kamadyetsa nsomba yotchedwa polar cod, nsombayo imadyetsa akatumbu, akatumbu amadyetsa zimbalangondo zoyera ndi anthu a mtundu wa Inuit.

Ndipo zikusinthadi. Mu Julayi 2011, asayansi a pa sitima ya ku America yotchedwa Healy anapeza ndere zitaphuka pansi pa ayezi wa nyanja ya Chukchi, mtunda wopitirira makilomita 100, chifukwa ayezi anali wopyapyala, wodzaza ndi zithaphwi zolowetsa kuwala. Mu 2012, chaka chimene ayezi wa ku Arctic anachepa kuposa chaka china chilichonse chiyambire kumuyeza ndi masetilaiti mu 1979, ndere zolendewera zotchedwa Melosira arctica zinathothoka zambiri n'kukapezeka pansi pa nyanja, mamita pafupifupi 4,000 kuya. Kumwera nako, mu Febuluwale 2023 ayezi anatsala masikweya kilomita 1.79 miliyoni, kuchepa kumene kunali kusanaonekepo.

Chimene chimandipweteka ine ndi chakuti nthawi yomweyi anthu akukokanso krill ndi zombo zikuluzikulu, n'kumapanga chakudya cha nsomba zoweta ndi makapisozi a mafuta. Bungwe loyang'anira usodzi wa kumeneko, CCAMLR, linayamba mu 1982, ndipo South Africa ndi Namibia ali momwemo. Linaika malire a matani 620,000 pachaka kudera limene usodziwu umachitika kwambiri, ndipo mu 2025 malirewo anakwana kwa nthawi yoyamba, usodzi n'kutsekedwa nyengo isanathe. Zombozo zimaunjikana kufupi ndi Antarctic Peninsula, kumenenso penguin ndi anangumi amadyera, ndiponso kumene kwatentha mofulumira kuposa madera ambiri a kumwerako. Malire owerengera matani okha sakwanira ngati krill yense akuchotsedwa pamalo amodzi, m'miyezi imene nyama zikumufuna.

Ndaona manja akwera. Tiyambe ndi amayi muli pafupi ndi khomo apo, kenako achimwene avala chipewa.