Kugulitsa Ganizo la Pulogalamu ya Zenizeni ku Wailesi ya Kanema, ndi Mantha Amene Akukubwezerani M'mbuyo

Moni nonse amene mukuonera. Ngati muli ndi ganizo la pulogalamu yoonetsa zenizeni, kaya yotsatira moyo wa anthu, kaya yofufuza nkhani yobisika, kaya yophunzitsa za chilengedwe, ndipo mwakhala mukulisunga mumtima poopa kuti wina akuberani, khalani nane mpaka kumapeto, chifukwa mantha amenewo ndiwo ndikufuna kulimbana nawo lero.

Tiyambe ndi zoyambira, ndipo ndizidutsa mwachangu. Wailesi zambiri zikuluzikulu sizijambula zokha mapulogalamu onse amene zimaulutsa. Channel 4 ya ku Britain, imene inayamba kuulutsa mu 1982, inakhazikitsidwa kuti izigula mapulogalamu kwa makampani oima paokha. Munthu amene mukufuna kumukopa ndi mkulu woitanitsa mapulogalamu, ndipo iyeyu ali ndi bajeti yowerengeka, maola oulutsira owerengeka, ndi mulu wa makalata ochokera kwa anthu onga inu.

Choyamba, onerani wailesi imene mukufuna kuipatsa ganizo lanu, mudziwe zimene imaonetsa madzulo, kutalika kwa mapulogalamu ake ndi mtundu wa anthu amene amaionera. Chachiwiri, phunzirani kufotokoza ganizolo m'ziganizo ziwiri zokha. Mukanena kuti mukufuna kujambula za umoyo wa amayi, mwangotchula mutu basi. Koma mukanena kuti chipatala china chakulolani kukhala miyezi isanu ndi umodzi mu wodi ya amayi oyembekezera, mukutsatira azamba atatu ogwira ntchito usiku, mmodzi mwa iwo akupuma pantchito chaka chomwecho ndipo wina wangoyamba kumene, pamenepo mkuluyo akhoza kuona pulogalamuyo m'maganizo mwake.

Tsopano tifike pa bodza limene limandikwiyitsa. Anthu ambiri amakhulupirira kuti chuma chawo ndi ganizo lenilenilo, choncho amalibisa, amafotokoza theka lokha, ndipo ena amafuna kuti mkulu wa wailesi asainire kaye pepala lolonjeza kusunga chinsinsi asanamve ngakhale mawu amodzi. Wailesi ndi makampani akuluakulu ambiri amakana kusaina mapepala otere, ndipo chifukwa chake n'chomveka: iwo amalandira malingaliro ofanana kuchokera kwa anthu osiyanasiyana nthawi imodzimodzi. Nkhani ikatchuka m'manyuzipepala, anthu ochuluka amaganiza zoijambula sabata yomweyo, aliyense ali ndi chikhulupiriro chonse kuti waiganiza yekha.

Malamulo a umwini wa ntchito zaluso sateteza ganizo lili lokha. Amateteza momwe ganizolo lalembedwera kapena kujambulidwira. Hughie Green, amene ankatsogolera Opportunity Knocks, pulogalamu yopikisana pa maluso ya ku Britain, anasumira wailesi ya boma ya ku New Zealand chifukwa choulutsa pulogalamu ya dzina lomwelo, yokhala ndi mawu ofanana ndi amene iye ankakonda kuwabwereza komanso chipangizo choyezera kuwomba m'manja kwa anthu. Mu 1989 khoti la Privy Council ku London linagamula kuti waluza. Taganizani, munthu wotchuka, pulogalamu imene inakhala pa kanema kwa zaka zambiri, koma khoti linati zinthu zimenezo sizikwanira kutetezedwa. Mu 2017 khoti lalikulu la ku England, pa mlandu wa Banner Universal Motion Pictures ndi Endemol Shine, linavomereza kuti kapangidwe ka pulogalamu kangatetezedwe ngati kali ndi mbali zodziwika bwino, zolumikizana, zoti zikhoza kubwerezedwa chimodzimodzi, komabe wodandaulayo analuza chifukwa zimene analemba zinali zosakwanira.

Sindikunena kuti kubera kulibe. Kulipo, ndipo n'chifukwa chake muyenera kulemba zonse mwatsatanetsatane, kusunga makalata a pa intaneti okhala ndi madeti, ndipo ngati pulogalamu yanu ndi yoti ingabwerezedwe m'maiko ena, bungwe la FRAPA, loteteza kapangidwe ka mapulogalamu a pa kanema, lili ndi kaundula wolembetsamo kapangidwe ka mapulogalamu. Koma chitetezo chenicheni chili pa zinthu zimene wina sangazitenge pongomva mawu anu. Chilolezo cha chipatala chija chili m'manja mwanu. Azamba aja amakhulupirira inu, ndipo ndi inu amene amakuuzani zakukhosi kamera ikayatsidwa. Wina akhoza kumva ganizo lanu m'mawa, koma sangapeze ubale umenewo pofika madzulo. Ganizo lobisidwa silipeza wolikonza, wolitsutsa, kapena wolilipirira. Kampani ya Love Productions inayendayenda ndi ganizo la The Great British Bake Off, mpikisano wophika makeke ndi buledi, kwa zaka zingapo, wailesi zikulikana, mpaka BBC Two inalitenga n'kuyamba kuliulutsa mu 2010. Anthu ambiri anali atalimva, ndipo vuto silinali la kuba, koma loti panalibe wolifuna.

Ngati munakanapo kufotokoza ganizo lanu chifukwa cha mantha amenewa, lembani mu ndemanga pansipa, ndipo dinani batani la subscribe kuti vidiyo yotsatira isakuphonyeni.

Tibwerere ku zoyenera kuchita. Chachitatu, jambulani kachidutswa ka mphindi ziwiri kapena zitatu koonetsa munthu amene nkhani yanu yagona pa iye. Foni yabwino ndi yokwanira, koma samalani kwambiri za mawu, pakuti mkulu wa wailesi akhoza kupirira chithunzi chogwedezeka pang'ono, koma sangapirire mawu osamveka. Musayambe ndi nyimbo ndi malo okongola. Yambani ndi mzamba uja akuvala magolovesi, akulankhula ndi mayi amene ali ndi mantha, chifukwa masekondi oyambirira ndi amene amaonetsa ngati munthuyo angagwire mtima wa oonera kwa ola lathunthu.

Chachinayi, lembani tsamba limodzi kapena awiri ofotokoza chiwerengero cha magawo, kutalika kwake ndi bajeti yoona. Ngati simunapangepo pulogalamu youlutsidwa pa kanema, gwirizanani ndi kampani yojambula imene wailesiyo imaidziwa kale, ndipo mulembe mgwirizano wonena za udindo wanu ndi gawo lanu musanapite limodzi kukaonana ndi wailesi. Palinso misika imene opanga mafilimu a zenizeni amakumana ndi ogula, monga IDFA ku Amsterdam, Hot Docs ku Toronto, Sheffield DocFest ndi Durban FilmMart, ndipo yambiri imalandira mafomu pa intaneti miyezi ingapo msonkhano usanachitike.

Mu vidiyo ya sabata yamawa tidzatenga bajeti ya pulogalamu ya magawo atatu n'kuiunika mzere ndi mzere, kuyambira pa malipiro a wojambula mpaka pa ndalama zogulira chilolezo cha nyimbo, zimene anthu ambiri amaziiwala mpaka tsiku lopereka pulogalamu.