Achemwali, za ndalama za soya zija musatumizenso kalikonse

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndaona munandiimbira katatu, ndinali pa ntchito, foni timasiya mu loka. Pano ndili m'galimoto, injini ndaisiya ikulira chifukwa kunja kukuzizira koti zala sizikupindika, ndiye mukamva kaphokoso ndi kameneko. Mumvere mpaka kumapeto, mukatha muwapatsire alamu amve ndi makutu awo.

K60,000 yachiwiri ija musatumize. Yoyamba ija inapita, tingoiwala. Munthu wa pa WhatsApp amene akuti akulembetsa alimi a soya kuti alandire thandizo la boma la America ndi wakuba basi. Ndipo mbuzi zija, chonde, alamu asagulitse. Ndinamva kuti akufuna agulitse ziwiri kuti akwanitse "fomu". Fomu yake iti?

Mwina vuto ndine, ndi chithunzi ndinaika pa Facebook chija, nditavala chikhoti choyera pafupi ndi thanki, n'kulemba kuti boma lathira ndalama pa nyama yopanda chiweto. Ndinkangodzionetsera, inu mukundidziwa. Ine ntchito yanga ndi yotsuka mathankiwo ndi kulemba manambala, ndalama sindizigwira ayi.

Ndalamazo zilipodi, limenelo si bodza. Koma kuno mukati boma muzifunsa kuti boma liti. Kuli boma lalikulu la ku Washington, ndiye kuli maboma a ma state, alipo 50, aliyense ndi gavanala wake, nyumba ya malamulo yake, misonkho yake. Kuno ku Illinois gavanala wathu ndi JB Pritzker, likulu ndi Springfield. Mu 2023 anakhazikitsa komiti yoti ifufuze mmene state ingathandizire ntchito ya mapuloteni osachokera ku ziweto. Komiti, mwamva? Anthu okhala pansi n'kulemba malangizo. Sagawa ndalama kwa mlimi. Ndalama zazikulu zinabwera mu 2024, madola 51 miliyoni ochokera ku Washington, kupita ku mgwirizano wotchedwa iFAB. Mmenemo muli University of Illinois ya kuno ku Urbana-Champaign ndi makampani a ku Decatur monga ADM ndi Primient. Ndalama zake ndi zomangira nyumba, kugula mathanki, kuphunzitsa anthu ntchito, m'madera atatu okha a pakati pa Illinois: Champaign, Piatt ndi Macon. Ku California nakonso mu 2022 anaika madola 5 miliyoni mu bajeti yawo, zinapita ku mayunivesite atatu, Berkeley, Davis ndi UCLA. Ndiye tandiuzani, dzina la alamu a ku Mponela lilowa pati pamenepo? Ngakhale mlimi wa kuno, mzungu wa thirakitala zinayi, salandira senti pa ndalama zimenezo. Iye amangodikira kuti mafakitale akachuluka chimanga chake chikwere mtengo.

Iii, ndanena za Mponela ndakumbuka, amayi mankhwala a BP aja anakatenga? Mundiyankhe zimenezo musanayankhe china chilichonse.

Eya, ndinali pati... chimanga. Chifukwa chake akulimbikira kuno n'chakuti Illinois ndi nambala wani pa soya mu America yonse, pa chimanga amangoposedwa ndi Iowa. Ukamayenda pa galimoto kupita ku Decatur, pafupifupi ola lathunthu, kumanja munda, kumanzere munda, osaona munthu ngakhale mmodzi wagwira khasu. Ukamayandikira tawuniyo fungo limakulandira, ngati masese akuwira, mpaka limakakamira m'zovala. Tsiku loyamba linandikumbutsa kwa agogo pa nthawi ya mowa, misozi inalengeza. Ndipo ntchito yathu siyosiyana kwenikweni ndi ya agogo. Kuno amatenga shuga wochokera ku chimanga, kuthira mu thanki yachitsulo, kuikamo tizilombo tonga yisiti, titadye n'kutulutsa puloteni. Kusiyana kwake, agogo ankalawa ndi chala, ife kachilombo kachilendo kakangolowa kamodzi, thanki yonse timataya, n'kuyambanso kutsuka. Mlungu watha ndinatsuka imodzi kawiri, msana mpaka lero ukundiuza.

Ina ija munandifunsa, yakuti amamera nyama mu botolo, iliponso koma ndi nkhani ina. Amatenga timaselo ta nkhuku n'kutikulitsa mu thanki. Boma la Washington linaloleza makampani awiri kugulitsa mu June 2023, Upside Foods ndi Good Meat. Koma onani mmene ma state amasiyanirana: ku Florida gavanala Ron DeSantis anasaina lamulo loiletsa mu May 2024, Alabama inatsatira, Texas nayo inaletsa mu 2025. Alimi a ng'ombe ali ndi mawu kumeneko. Chinthu chimodzimodzi, kuno akuchinyengerera, uko ukagulitsa waphwanya lamulo. Anthu osagwirizana okhaokha choncho angatumize munthu ku Dowa kukatolera K60,000?

Ndiye chondiseketsa, achemwali, zimene akuzitcha zatsopanozi theka lake inu mumaphika kale. Ma soya pieces aja mumakazinga ndi tomato ndalama ya nyama ikasowa, ndi omwewo. ADM ya ku Decatur yomweyi ndi imene inawatchukitsa kale m'ma 1960, kuno amati TVP. Ndinawapeza mu sitolo ya anthu osadya nyama, kapaketi kakang'ono, mtengo wake ndinangobweza pa shelefu mwaulemu. Anzanga a kuntchito nditawauza kuti ife timadya ngumbi mvula yoyamba ikagwa, wina anatulutsa kabuku n'kuyamba kulemba. Ndinawauzanso za mphalabungu, koma za mbewa ndinasiya, anali atatopa kale. Panopa ngumbi zatuluka eti? Musandiuze, mtima ungandipweteke.

Pali chinanso alamu amve. Pa University of Illinois yomweyi panali Soybean Innovation Lab, imeneyo ndiye inkagwiradi ntchito ndi mayiko a mu Africa, Malawi yomwe, kuyesa mbewu za soya. Ndalama zake zinkachokera ku USAID, ndipo zinadulidwa kumayambiriro kwa 2025. Ngati khomo lenileni la ndalama za boma la America linatsekedwa chomwecho, la pa WhatsApp latseguka bwanji?

Tsono chochita ndi ichi. Nambala ya munthuyo muibuloke, koma muyambe mwajambula mauthenga onse ndi risiti ya ndalama munatumiza, mwina alamu angafune kukanena ku polisi. Ngati anatumiza chithunzi cha chitupa cha unzika, mundiuze lero lomwe, chimenecho ndiye chikundisowetsa tulo kuposa ndalamazo. Anatumiza kapena ayi? Musawabisire.

Soya abzale ndithu, mvula isawathawe akudikira madola. Ndikutumizirani ya mbewu ndi inokulanti (wosakaniza ndi mbewu pobzala uja) Lachisanu ndikalandira, koma nditumiza pa nambala yanu, osati yawo, ndipo musawauze kuti ndanena choncho. Aaa, ndaiwala kuti ndati muwapatse amvere. Chabwino, alamu, mwamva kale, pepani, nkhani ndi imeneyo. Mbewu mukagule kwa ogulitsa odziwika, osati ya pa msika yosadziwika kochokera, ndipo mukafunse alangizi za kabzalidwe ka mizere iwiri pa mzere umodzi.

Mwana wa a neba uja anakwatiradi msilikali uja? Mundiuze bwinobwino, osati mwachidule ngati ulendo watha. Ndiyambepo, chipale chofewa chayamba kugwa ndipo matayala angawa ndi akale. Za chitupa zija mundiyankhe ndisanafike kunyumba.