Munabatizidwa m'dzina la ndani?

Mwadzuka bwanji, okondedwa mwa Ambuye. Lero tiwerenge 1 Akorinto 1:13-17.

Mlamu wanga atakwatiwa, a kumpingo wa amuna ake anamuuza kuti ubatizo wake sunali ubatizo. Akuti abusa amene anamubatiza anatchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, pomwe amenewo ndi maudindo chabe, dzina lenileni ndi Yesu. Anabwera kunyumba kwathu atanyamula khadi lake la ubatizo, lofiira ndi ukalamba, m'mphepete mutadyedwa ndi njenjete. Anangoliika patebulo n'kufunsa kuti, "Ndiye zaka zonsezi ndinali ndani?"

Mkangano umenewu sunayambe dzulo. Mateyu 28:19 akuti tibatize m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Pa Machitidwe 2:38 Petro akuti aliyense abatizidwe m'dzina la Yesu Khristu. Mu 1913, pamsonkhano wa Achipentekoste ku Arroyo Seco, ku California, ena anayamba kuphunzitsa kuti mawu a Petro ndiwo oyenera, ndipo pofika 1916 nkhaniyi inali itang'amba mpingo wa Assemblies of God.

Akatolika nawonso ali ndi zawo. Mu 2020 ku Vatican anagamula kuti ubatizo wonena kuti "Tikukubatiza" m'malo mwa "Ndikukubatiza" ndi wopanda mphamvu. Wansembe wina wa ku Detroit ku America, Matthew Hood, anali ataonera vidiyo ya ubatizo wake ali khanda, n'kumva dikoni akunena "Ti-" uja. Anayenera kubatizidwa mwatsopano, kulandira ulimbitso, n'kudzozedwanso unsembe. Tangoganizani, kaliwu kamodzi!

Ine sindinena kuti mawu alibe ntchito, ayi. Amene anagamula ku Vatican anali ndi chifukwa: amati "ndi-" ameneyo ndi Khristu mwini, amene amabatiza kudzera mwa mtumiki wake. Augustine Woyera anaphunzitsa kalekale kuti kaya abatize Petro, kaya abatize Yudasi, wobatiza ndi Khristu. Chimene chimandiwawa ndi kuona tikugwiritsa ntchito mawu opatulikawa ngati chikwapu, kuopseza mayi amene wakhala akudzuka mbandakucha kupemphera kwa Yesu yemweyo kuyambira ali mtsikana.

Ku Korinto nakonso ankanyadirana kuti ine ndine wa Paulo, ine wa Apolo, ine wa Kefa (ndiye Petro). Paulo anawafunsa kuti, "Kodi Paulo anapachikidwa chifukwa cha inu? Kapena kodi munabatizidwa m'dzina la Paulo?" Kenako anayamba kuwerenga amene anawabatiza ndi manja ake: Krispo, Gayo... eya, ndi a pabanja la Stefana. Kupitirira apo, akuti, sakudziwa ngati anabatizanso wina.

Mlamu uja tinawerenga naye ndime imeneyi tiyi akuzizira m'makapu. Khadi lija analipinda bwinobwino n'kulibweza m'Baibulo lake.