Makalata a Omvera: Kodi Anamanga Ndani, Ndipo Ankachitiramo Chiyani?

Tiyambe ndi kalata ya bambo wina amene walemba kuti: "Kumapeto kwa munda wathu, m'mbali mwa chitunda, kuli chinyumba chamiyala chozungulira chopanda denga, ndipo m'munsi mwake muli kakhomo koti munthu sangalowe choimirira. Akuluakulu amati inali ndende. Kodi n'zoona?"

Zikomo kwambiri, bambo. Zoti inali ndende ndikukayikira, chifukwa womanga ndende sasiya pamwamba pali pululu. Mmene mwafotokozeramu, chikufanana kwambiri ndi uvuni wowotchera laimu. Uvuni wotere ankaumanga dala m'mbali mwa chitunda kuti ngolo zizifika pamwamba n'kukhuthula miyala ya laimu ndi nkhuni mosanjikiza, ndipo moto ukafika pafupifupi madigiri 900, miyalayo inkapsa n'kusanduka laimu wogwiritsa ntchito pomanga ndiponso pochepetsa asidi m'nthaka. Kakhomo mukunenako kanali kolowetsera mpweya ndi kotulutsira laimu wakupsa. Mukasuzumire mkati: ngati miyala yake ndi yofiirira, yong'aluka kapena yonyezimira ngati galasi, ndiye kuti munkayaka moto woopsa. Koma mukapeza zibulumwa zakuda zolemera ndi zidutswa za mapaipi adothi chapafupi, muganizire za ng'anjo yosungunulira chitsulo, ngakhale kuti ng'anjo kawirikawiri imakhala yadothi. Chonde musakumbe, dziwitsani akatswiri osunga zinthu zakale, chifukwa makala amene inu mungawataye ndi amene iwo amapimira zaka.

Mayi wina akufunsa mwachidule kuti: "Kodi n'zoona kuti Great Zimbabwe inamangidwa ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja?"

Ayi, mayi. Nkhani imeneyi yonena za mabwinja a mzinda wakale wamiyalawu, umene uli m'dziko la Zimbabwe, inafala m'nthawi ya atsamunda, pamene ena ankatchula Afoinike (amalonda akale a kunyanja ya Mediterranean), ena mfumukazi ya ku Sheba, chifukwa sankafuna kuvomereza kuti anthu akuda angamange makoma ofika mamita 11 popanda matope omatira. Akatswiri ofukula zinthu zakale, David Randall-MacIver mu 1905, kenako Gertrude Caton-Thompson mu 1929, anakumba pamalopo ndipo onse awiri anapeza kuti ndi ntchito ya anthu a ku Africa. Anamanga ndi makolo a Ashona, pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi za m'ma 1400. Mikanda yagalasi ndi mbale za ku China zimene zinapezeka kumeneko zinabwera ndi amalonda odzera kugombe la nyanja ya Indian, amene ankatsata golide ndi minyanga ya njovu.